NSAWAWA NDI PAINI: KODI ZIFUNA CHIANI KUTI ZIKULE?

Anzanga, pa zomera zonse zimene tiphunzira m'phunziro la zaulimi, sindiganiza kuti ziripo ziwiri zosiyana koposa nsawawa ndi paini. Nsawawa ndi kambeu kofooka kosatha kuima pa kokha, ndipo moyo wache wonse supitirira miyezi inai. Paini ndi chimtengo chofika mamita 30, ndipo wochibzala adikira zaka 25 asanachekepo matabwa abwino. Tsono ndifuna kuziika pamodzi ziwirizi kuti tione zofuna zache, pakuti mlimi wosadziwa zofuna za mbeu yache angotaya thukuta pachabe.

Kwao ndi nyengo imene zikonda

Poyamba tisasokoneze maina. Nsawawa si nandolo, amene apirira dzuwa ndi chilala. Ndipo paini si mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene uli mtengo wathu weniweni. Nsawawa ndi paini zonse ndi alendo m'dziko lino. Nsawawa zinayamba kulimidwa kale lomwe ku maiko a kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean. Paini amene timuona kwambiri pa Zomba ndi ku Dedza, wa masamba olendewera ngati ndebvu za chimanga, dzina lache ndi Pinus patula, ndipo kwao ndi ku mapiri a dziko la Mexico.

Alendo awiriwa agwirizana pa chinthu chimodzi: onse akonda kozizira. Nsawawa zikondwa pamene kutentha kuli pakati pa madigiri 13 ndi 18. Kukatentha kwambiri maluwa ache ayoyoka osabereka. Nchifukwa chache zichuluka ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo m'madimba tizibzala m'miyezi yachisanu. Paini wa mtundu uwu nayenso afuna malo okwera a mvula yambiri ndi nkhungu. Ku chigwa cha Shire onsewa sangapindule.

Nthaka, madzi ndi chisamaliro

Pa nthaka ndi pamene asiyana. Nsawawa zifuna nthaka yofewa, ya manyowa owolerana, yosasunga madzi ngati dambo, ndiponso yopanda asidi wambiri. Mizu yache siipita patali, chotero zifuna kuthirira kawirikawiri, makamaka pochita maluwa ndi podzaza makoko. Paini alibe matama otere. Amera pa mtunda woguga, pa nthaka yofiira ya asidi pamene chimanga chikana, malinga nthakayo ikhale yakuya kuti mizu itsike kukafuna chinyontho cha m'chilimwe.

Kabzalidwe kasiyananso. Njere ya nsawawa ndi yaikulu, yodzala ndi chakudya, chotero tiibzala m'munda momwemo, pa kuya kwa masentimita 3 kufikira 5, ndipo imera patapita mlungu umodzi kapena masiku khumi. Njere ya paini ndi yaing'ono, ya kaphiko kouluka nako ndi mphepo. Iyo iyamba yafesedwa ku nazale, mbande nizileredwa m'machubu miyezi yambiri, kenaka nkuokedwa mvula itakhazikika, motalikirana pafupifupi mamita atatu.

Zitamera, nsawawa zifuna timitengo toyangapo, pakuti zigwira ndi tizingwe tache topotana. Zikagona pansi makoko aola. Paini safuna chomgwiriziza, koma adana ndi mthunzi. Afuna kumpalira akali wamng'ono, kumsadzira nthambi za m'munsi kuti matabwa asadzachuluke mfundo, ndi kumpatulira kuti mitengo yotsalayo inenepe.

Chinsinsi chiri ku mizu

Tsopano ndifike pa chimene chinandichititsa kulemba nkhaniyi. Tikayang'ana kumwamba ziwirizi zisiyana kutalitali, koma tikakumba pansi tipeza kuti ziri ndi khalidwe limodzi: palibe chimene chidzidyetsa chokha.

Ndinazula nsawawa imodzi yochita maluwa m'dimba la sukulu, ndi kutsuka mizu yache. Pa mizupo panali timibulu tambiri, ndipo nditadula kamodzi ndi lumo, m'kati mwache munali mofiirira. M'timibulumo mukhala mabakiteriya a mtundu wa Rhizobium, amene Martinus Beijerinck wa ku Holland anayamba kuwapatula mu 1888. Mpweya umene tipuma uli ndi nayitirojeni magawo 78 pa 100, koma zomera sizitha kumgwiritsa nchito momwe aliri mu mpweyamo. Mabakiteriyawo ndiwo amsandutsa chakudya cha mbeu, ndipo mbeu iwalipira ndi shuga wopangidwa m'masamba. Kufiirira kuja ndi chizindikiro chakuti nchito iri m'kati.

Paini nayenso ali ndi bwenzi lache, koma lache ndi bowa. Mukafukula masamba owola pansi pa paini wamkulu mudzaona tiulusi toyera tokuta nsonga za mizu. Tiulusito tiyenda kutali m'nthaka, kumene mizu siingafike, nitibweretsa madzi ndi fosiforasi. Mtengo nawo ubwezera shuga. Bowa amene aphuka pansi pa paini m'dzinja ndiye chipatso cha tiulusi timeneti. Ubale uwu Albert Frank wa ku Germany anaupatsa dzina lakuti mycorrhiza mu 1885. M'maiko ambiri kumene paini anali mlendo, mbande zoyamba zinkachita chikasu ndi kupinimbira, kufikira anthu atazindikira kuti m'nthakamo munalibe bowa wache.

Kudziwa izi kutiphunzitsa zochita zitatu. Choyamba, nsawawa tisazithire feteleza wambiri wa nayitirojeni, pakuti zingochita masamba, makoko nachepa. Chachiwiri, tikatha kuthyola tisazule mizu ndi kuocha masangwi. Tizikwirire m'nthaka momwemo kuti kabichi kapena chimanga chobwera pambuyo chipezepo phindu. Chachitatu, pokonza dothi la m'machubu a paini tisakanizemo dothi pang'ono lochokera pansi pa paini wamkulu, monga achitira anthu a ku nazale.

Miyezi itatu ndi zaka 25

Kusiyana kotsiriza ndiko kwa nthawi. Duwa la nsawawa lidzibereketsa lokha lisanatseguke nkomwe, ndipo pa miyezi iwiri kapena itatu chibzalire tiyamba kudya ndiwo. Paini alibe maluwa otere. Ufa wache wachikasu uuluka ndi mphepo, ndipo zipatso zache zamamba zitenga pafupifupi zaka ziwiri kuti zikhwime. Wolima nsawawa akalakwa chaka chino akonza chaka chamawa; wobzala paini akalakwa, cholakwacho chikhala naye mpaka imvi. Apa mpamene mau a akulu aja akwanira, akuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndipo mdani woopsa wa kudekhako ndi moto. Masamba ouma a paini ndi utomoni wache ziyaka msanga, ndipo mtengo wamng'ono ukapsa suphukanso ku chitsa monga achitira bulugamu. Chitsanzo tiri nacho ku Chikangawa pa Viphya. Kumeneko kubzala kwakukulu kunayamba mu 1964, ndipo nkhalango inafika mahekitala pafupifupi 53,000. Cholinga chinali kupanga mapepala, koma fakitale yache siinamangidwe, ndipo m'zaka zotsatira mbali yaikulu ya nkhalangoyo inatha ndi moto ndiponso kudula kosabwezera. Nchito ya zaka zambiri ingathe kupsa madzulo amodzi chifukwa cha munthu mmodzi wosaka mbewa.

Chotero, anzanga, ikafika nthawi ya nchito zamanja tisamanyinyirike potumidwa kukalambula mseu wotchinga moto kuzungulira mitengo ya sukulu. Nsawawa za m'dimba tidya ndife teremu yomwe ino. Koma madesiki amene tikhalira lero anachokera ku mitengo yobzalidwa ife tisanabadwe, ndipo mbande zimene tioka m'Januwale zidzachekedwa ife tiri ndi zaka zoposa 40, kuti akhalirepo ana amene maina ao sitiwadziwa.