Phunziro: Foni Yanu ndi Malire a Mphamvu za Boma

Foni imasunga zambiri za mwini wake: anthu amene amawaimbira, mauthenga, ndi ndalama za pa Mpamba kapena Airtel Money. Chiyambire 2018, nambala iliyonse imalembetsedwa m'dzina la mwini wake. Kodi boma lingathe kuona zonsezi nthawi iliyonse imene lafuna?

Zimene malamulo amanena

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi zolankhula pa foni. Gawo 44 limalola kuchepetsa ufulu pokhapokha pakhale lamulo lovomereza zimenezo, ndiponso pakhale chifukwa chomveka m'dziko la demokalase.

Nkhani ya makina aukazitape

Bungwe la MACRA, loyang'anira ntchito za mafoni ndi mawailesi, linagula makina otchedwa CIRMS. Linati cholinga chake ndi kuona ngati makampani a mafoni akutumikira anthu bwino komanso kulipira ndalama zoyenera. Anthu ambiri anaopa kuti boma lizimvetsera zolankhula zawo, choncho anawatcha makina aukazitape. Nzika ziwiri zinakadandaula kukhoti, ndipo mu 2012 Khoti Lalikulu linaletsa MACRA kugwiritsa ntchito makinawo. Bungweli linachita apilo, ndipo mu 2014 Khoti la Suprimu linasintha chigamulocho.

Tikuphunzirapo chiyani?

Odandaulawo sanapambane pamapeto, komabe bungwe la boma linakakamizika kufotokoza zolinga zake pamaso pa oweruza ndi kudikira chigamulo. Umu ndi mmene nthambi zitatu za boma zimayang'anirana: Nyumba ya Malamulo imapanga malamulo, nduna ndi mabungwe a boma amawagwiritsa ntchito, makhoti amaona ngati sanapyole malire. Koma khoti silidziyambira lokha mlandu. Pamafunika nzika yodziwa ufulu wake.

Ulemu pa chinsinsi cha ena uyambire kwa ife. Sura ya Al-Hujurat imatiletsa kufufuzana. Tisatsegule foni ya mnzathu mwakabisira, ndipo tisauze wina aliyense nambala yathu yachinsinsi, ngakhale ejenti wa pamsika pa Chimbiya.

Mafunso okambirana ndi makolo

1. Ndi nthawi iti imene apolisi angaloledwe kufufuza mu foni ya munthu, ndipo chilolezocho apereke ndani?
2. Makhoti akanakhala pansi pa nduna, nkhani ya CIRMS ikanayenda bwanji?