Kudziwiratu Phokoso la Helikopita Pamene Ikukhota

M'chaka cha 1986, Kenneth Brentner wa ku bungwe la NASA adatulutsa pulogalamu ya pakompyuta yowerengetsera phokoso la mapiko a helikopita, yotchedwa WOPWOP. Monga wophunzira chiyankhulo, ndikuona kuti dzinali ndi mvekero, monga momwe ife timanenera kuti helikopita ikumveka phaphapha. M'nkhani ino ndionetsa kuti mvekero wotere umayenera ndege yoyenda molunjika, koma umaperewera ndegeyo ikayamba kukhota.

Poyamba tione gwero la phokosoli. Phiko lililonse likamazungulira limakankha mpweya, ndipo kunsonga kwake limasiya kakamvulumvulu. Helikopita ikamatsika pang'onopang'ono, phiko lobwera pambuyo limawomba kamvulumvuluyo, n'kumveka pha! Mwachitsanzo, Bell UH-1 ili ndi mapiko awiri ozungulira pafupifupi ka 324 pa mphindi, kotero phiko limadutsa pafupifupi ka 11 pa sekondi. Pa ulendo wolunjika, kuzungulira kulikonse kumafanana ndi kunzake. Katswiri akawerengetsa kamodzi, wadziwa konse, monganso phatikizo la "pha" limangobwerezedwa osasintha.

Pokhota zinthu zimasintha. Ndege imapendekeka, mapiko amasenza katundu wolemera kuposa poyamba, ndipo phokoso limalunjika mbali ina. Palibenso kuzungulira kofanana ndi kunzake. Pachifukwachi, akatswiri a ku Pennsylvania State University adapanga PSU-WOPWOP kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Pulogalamuyi imatsata phiko lililonse palokha, kamphindi ndi kamphindi, pogwiritsa ntchito masamu omwe Ffowcs Williams ndi Hawkings adafalitsa mu 1969. Imawerengeranso nthawi imene phokoso limatenga kuchoka paphiko kukafika kukhutu la munthu ali pansi.

Phindu lake ndi la anthu okhala pafupi ndi zipatala kapena mabwalo omwe helikopita zimatera. Madandaulo awo akachuluka, akuluakulu a mzinda amatha kuchepetsa maulendo. Koma woyendetsa akadziwiratu kuti kutsika kwakuti n'kosokosa, angathe kusintha liwiro kapena katsikidwe, mapiko n'kulewa timamvulumvulu tija.

Pomaliza, ndikuona kuti wofufuza chiyankhulo ndi wofufuza ndege ali ndi vuto limodzi. Liwu lotchulidwa palokha n'losavuta kuliyeza, koma m'chiganizo limasintha malinga ndi mawu oyandikana nalo. Helikopita yokhota ili ngati munthu amene akuyankhula chiganizo chonse.