M'bindikiro Wopanda Wobweretsa Nsima: Mmene Anthu a kwa Khwethemule Adamvera Mawu a Malamulo a Covid-19

Malonje

M'zaka za 2020 ndi 2021 boma la Malawi lidakhazikitsa malamulo osiyanasiyana pofuna kuchepetsa kufala kwa matenda a Covid-19. Anthu ambiri sadatsate malamulowa monga mmene akuluakulu a zaumoyo ankafunira. Chifukwa chimene chimaperekedwa kawirikawiri n'chakuti anthu akumudzi ndi osaphunzira kapena ndi amakani. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti chifukwa chimenechi n'choperewera. Ganizo langa ndi lakuti anthu adamva bwino lomwe zimene ankauzidwa, koma adazimva molingana ndi matanthauzo amene mawuwo ali nawo kale m'Chichewa ndi m'moyo wawo wa tsiku ndi tsiku. Ndiunika mawu anayi: m'bindikiro, kutalikirana, boma ndi katemera. Zitsanzo ndazitenga kwathu, m'dera la Mfumu Khwethemule m'boma la Thyolo, kumene ndidakhala miyezi yonse imene sukulu zidali zotseka. Nthawi imeneyo n'kuti ndili Fomu 3.

Dera ndi anthu ake

Malinga ndi kalembera wa 2018, boma la Thyolo lili ndi anthu oposa 700,000. Malo aakulu achonde ali m'manja mwa maesiteti a tiyi monga Conforzi, Satemwa, Naming'omba ndi Makandi, motero mabanja ambiri ali ndi timinda tating'ono tomwe zokolola zake sizifika chaka. Anthu amadalira ntchito yothyola tiyi, maganyu ndi kugulitsa nthochi, mapeyala kapena chinangwa pamsika. Wothyola tiyi amalipidwa potengera masiku amene wagwira ntchito ndi makilogalamu amene dengu lake lalemera pasikelo. Tsiku limene sadapite kumunda, dzina lake sililowa m'buku la kapitawo. Mfundo imeneyi ndiyo maziko a zonse zimene ndifotokoze: kwa anthu ambiri kwathu, ndiwo za madzulo zimapezeka ndi ntchito ya m'mawa wa tsiku lomwelo.

Malamulo mwachidule

Pa 20 Malichi 2020, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pangozi. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi ndipo misonkhano ya anthu oposa 100 idaletsedwa. Pa 2 Epulo padapezeka anthu atatu oyamba odwala matendawa ku Lilongwe. Pa 14 Epulo boma lidalengeza kuti kuyambira pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi, masiku 21, anthu asamayende. Mavenda a m'mizinda monga Blantyre ndi Mzuzu adachita zionetsero, ndipo pa 17 Epulo Woweruza Kenyatta Nyirenda wa Bwalo Lalikulu adapereka chiletso, bungwe la Human Rights Defenders Coalition litakadandaula. Mu Ogasiti chaka chomwecho, boma latsopano la Pulezidenti Lazarus Chakwera lidalamula kuti aliyense azivala masiki pagulu, ndipo wosavala azilipira chindapusa cha K10,000. Mu Januwale 2021, matenda atakula, sukulu zidatsekedwanso, misika inkatsekedwa 5 koloko madzulo ndipo kuyenda usiku kuyambira 9 koloko kudaletsedwa. Malamulowa adalembedwa m'Chingerezi. Kwathu adafika kudzera pawayilesi, m'mipingo ndi kwa mafumu, atamasuliridwa.

M'bindikiro

Liwu la Chingerezi lakuti "lockdown" lidamasuliridwa kuti "m'bindikiro". Poyang'ana koyamba, kumasulira kumeneku n'kwaluso, pakuti womasulirayo sadabwereke liwu lachilendo koma adatenga liwu lodziwika kwa aliyense. Komabe tiyeni tione kumene liwuli limachokera. Limachokera ku mneni wakuti "kubindikira", kutanthauza kukhala m'nyumba osatuluka kwa masiku angapo pa chifukwa chodziwika. Pachikhalidwe chathu amabindikira ndi namwali amene akulangizidwa, mayi amene ali m'chikuta atangobereka, ndiponso namfedwa m'masiku oyamba a maliro. Mwa anthu atatu onsewa palibe amene amadzifunira yekha chakudya. Namwali amamuphikira, mayi wa m'chikuta amamutungira madzi ndi kumutolera nkhuni, namfedwa amamubweretsera ufa. Choncho liwuli lili ndi mbali ziwiri: pali wobindikira, palinso womusamala. Amene wauza mnzake kuti abindikire wadzipatsa yekha udindo womudyetsa.

Ichi n'chifukwa chake funso loyamba limene ndidamva kwathu, uthenga wa masiku 21 utangomveka, silidali lokhudza kachirombo. Agogo anga aakazi, amene sadapite kusukulu, adafunsa amalume kuti, "Nanga ufawo abweretsa liti?" Sankanyoza ayi. Ankafunsa zimene liwulo lidawalonjeza. Amalume adayankha kuti, "Amayi, za ufa sadanene." Agogo adangoti ndiye kuti si m'bindikiro umenewo.

Chochititsa chidwi n'chakuti mfundo ya agogo ndi imenenso idafika kubwalo la milandu. Odandaula adati boma silidakonze njira yothandizira anthu osauka m'masiku a chiletsocho, ndipo mu Seputembala 2020 Bwalo Lalikulu lidagamula kuti malamulo a m'bindikirowo adali osemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Kumapeto kwa Epulo 2020 boma lidalengeza thandizo la K35,000 pamwezi kwa mabanja ovutika, koma thandizoli lidali la m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Wothyola tiyi wa kwa Khwethemule sadali m'gulumo. Motero mawu akuti "bola kufa ndi korona kusiyana ndi kufa ndi njala", amene adatchuka nthawi imeneyo, sadali mawu a umbuli. Adali mawu a munthu amene wayerekeza zoopsa ziwiri, china chimene sadachionepo ndi china chimene amachidziwa chaka chilichonse mu Januwale ndi Febuluwale.

Kutalikirana

Lamulo lina lidali lakuti anthu azikhala motalikirana. M'Chichewa liwu lakuti "kutalikirana" silinena za mtunda wokha. Tikati abale atalikirana, nthawi zambiri timatanthauza kuti chibale chazirala, sakuyenderananso. Munthu wodzipatula timamukayikira, ndipo wosapita kumaliro a anzake timamuchenjeza kuti tsiku lina adzadziika yekha. Choncho lamulo limene kwa dokotala lidali nkhani ya mita imodzi kapena awiri, kwa anthu lidamveka ngati lamulo loswa chibale.

Vutoli lidaonekera kwambiri pamaliro. Boma lidaika malire a chiwerengero cha anthu osonkhana pamaliro, ndipo omwalira ndi Covid-19 ankaikidwa mwachangu moyang'aniridwa ndi azaumoyo ovala zodzitetezera, popanda mwambo woona nkhope. Koma maliro akumudzi ali ndi ntchito zimene sizitheka ndi anthu ochepa. Pamafunika adzukulu okumba manda, amayi ophika, akumpingo oyimba usiku wonse pasiwa, ndiponso akuchimuna ndi akuchikazi amene ayenera kumva chimene chatsitsa dzaye. Ndani akadaima pamsewu n'kumawerenga anthu, kenako n'kubweza azakhali a malemu chifukwa chiwerengero chakwana? Nyakwawa imene ikadachita zimenezi ikadakhala ndi mlandu woposa wa boma.

Kuntchito nako kutalikirana kudali kovuta. M'munda wa tiyi anthu amatayana ndithu, aliyense pamzere wake. Koma pokayeza masamba onse amakumana pasikelo imodzi, patsiku la malipiro amaima pamzere umodzi, ndipo madzulo ambiri amabwerera kunyumba za chipinda chimodzi kapena ziwiri mmene mumagona banja lonse.

Komabe si malamulo onse amene adakanidwa, ndipo apa m'pamene pali phunziro. Lamulo losamba m'manja lidalandiridwa mosavuta. Anthu ankalidziwa kale kuchokera ku uphungu wa matenda a kolera, komanso palibe amene amadya nsima osasamba m'manja. Pamagolosale ndi pamatchalitchi padaikidwa ndowa za mpopi, ndipo m'makomo ena mudaoneka mipondagiya. Lamulo loletsa kupatsana moni wa pamanja nalonso silidavute kwenikweni, chifukwa chikhalidwe chathu chili kale ndi moni wina waulemu, woomba m'manja uku ukuwerama pang'ono. Akuluakulu adangobwerera ku moni umenewu, achinyamata n'kumagundana zigongono. Apa tikuona kuti lamulo limene lidapeza pokhala m'chikhalidwe lidatsatidwa, pamene lamulo lofuna kuti munthu asiye chakudya kapena m'bale wake popanda cholowa m'malo lidakanidwa.

Boma

Liwu lakuti "boma" lili ndi matanthauzo awiri: ulamuliro wa dziko, ndiponso malo amene kuli maofesi a DC, polisi ndi chipatala chachikulu. Kwa munthu wa kwathu, boma ndi malo amene umachita kulipira galimoto kuti ukafikeko. Tikati chinthu ndi "cha boma", nthawi zambiri timatanthauza kuti chilibe mwini pakati pathu. M'dera limene makolo athu adagwira thangata m'minda ya azungu m'nthawi ya atsamunda, lamulo lochokera kutali limayamba lakayikiridwa lisanamveredwe. Munthu amafunsa kaye kuti wopindula ndani.

Zochitika za nthawiyo zidakulitsa chikayiko chimenechi. Pamene ana adali pakhomo ndipo mipingo inkauzidwa kuchepetsa anthu, andale a mbali zonse ankachititsa misonkhano ya anthu zikwizikwi pokonzekera chisankho cha pulezidenti cha pa 23 Juni 2020. Anthu adaona okha kuti opanga malamulo sakuwaopa matendawo. Chindapusa cha K10,000 cha wosavala masiki chidabwera pamene malipiro otsikitsitsa ovomerezeka adali K35,000 pamwezi, kutanthauza kuti kansalu koiwalika kakadadya malipiro a masiku oposa asanu ndi awiri. Motero ambiri ankayenda ndi masiki m'thumba kapena pachibwano, n'kuikweza akaona apolisi. Masiki idasanduka chiphaso chodutsira pamsewu m'malo mwa chodzitetezera. Kenako mu 2021 kudamveka za kusokonekera kwa ndalama zina mwa K6.2 biliyoni zolimbanira ndi mliriwu, ndipo mu Epulo nduna ya zantchito, Ken Kandodo, idachotsedwa paudindo. Aphunzitsi nawo adanyanyala ntchito pofuna ndalama zimene zidatchedwa "za ukadziotche". Dzina limeneli palokha likuonetsa mmene ogwira ntchito ankadzionera: anthu otumidwa kumoto ndi munthu amene waima patali.

Mayina amene anthu adapatsa matendawa akuonetsanso mtunda womwewo. Poyamba ankati ndi matenda a azungu, a olemera, a okwera ndege. Zinthu zidasintha mu Januwale 2021. Pa 12 Januwale nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, ndipo mauthenga a maliro a aphunzitsi, abusa ndi abale a m'tauni adayamba kufika m'midzi. Masabata amenewo ndidaona anthu akuvala masiki popanda wapolisi pafupi, ena akufukiza masamba a bulugamu ndi kumwa madzi a mandimu ndi jinja. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chimene chindapusa chidalephera, maliro a anthu odziwika mayina adachichita.

Katemera

Liwu lakuti "katemera" si lachilendo. Limagwirizana ndi kutemera mphini, ndipo amayi a kwathu amayenda mitunda italiitali kupita ndi ana kusikelo kuti akabayitse katemera wa chikuku ndi poliyo. Nanga n'chifukwa chiyani ambiri adazengereza pamene katemera wa AstraZeneca adafika mu Malichi 2021? Choyamba, m'maganizo a anthu katemera ndi wa ana ndi amayi oyembekezera. Bambo wa zaka makumi asanu amene sakumva kupweteka paliponse sankaona chifukwa chobayitsira. Chachiwiri, mphekesera zidafika msanga kuposa uphungu. Pa WhatsApp ndi m'misika munkamveka kuti katemerayu amaletsa kubereka kapena kuti ndi chizindikiro cha 666. Tisaiwale kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zidagwedeza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka anthu ena kuphedwa. Mantha okhudza jakisoni, magazi ndi alendo adali asanazirale.

Pa 19 Meyi 2021 boma lidatentha poyera katemera 19,610 amene masiku ake adali atatha, pofuna kutsimikizira anthu kuti silingawabaye mankhwala otha mphamvu. Cholingacho chidali chabwino, koma ena kwathu adangotolapo mawu awiri, "katemera" ndi "kutentha", n'kumafunsa kuti chinthu chabwino amachitentha bwanji. Amene ndidawaona akusintha maganizo adatero atalankhula ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, munthu amene amamudziwa dzina ndiponso amene adabaya ana awo, kapena ataona abusa ndi amfumu akupinda malaya poyera.

Mawu otsiriza

Sindikunena kuti malamulo a zaumoyo adali opanda pake. Covid-19 idapha Amalawi oposa 2,600 amene adalembedwa m'kaundula, ndipo ena mwa iwo akadapulumuka malangizo akadatsatidwa. Chimene ndaonetsa n'chakuti kumasulira uthenga sikuthera pa kupeza liwu la Chichewa lofanana ndi la Chingerezi. Liwu lililonse limabwera ndi katundu wake. "M'bindikiro" umalonjeza chakudya, "kutalikirana" kumaopseza chibale, "boma" limanena za kutali, ndipo "katemera" amakumbutsa za ana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza mu Meyi 2023 kuti Covid-19 sidalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma miliri sidathe, monga tidaonera ndi kolera wa 2022 ndi 2023. Ife amene tikuphunzira za chiyankhulo tidzapezeka m'mawayilesi, m'maunduna ndi m'mabungwe, ndipo ena mwa ife tidzapatsidwa chikalata cha Chingerezi kuti timasulire pofika mawa. Tisanasankhe liwu, tidzayambe tafunsa kuti liwulo likulonjeza chiyani kwa mayi amene ali pamzere wa sikelo ndi dengu kumsana, ndiponso ngati wotituma ali wokonzeka kukwaniritsa lonjezolo.