Zinyalala za Pakhomo pa Nthaŵi ya Mliri

Amayi, kodi mudaganizapo za kumene botolo lapulasitiki limapita mukalitaya? Kaŵirikaŵiri silikhalitsa padzala. Mwana wina amalitola, nakaligulitsa kwa mayi wophika thobwa kapena kwa wogulitsa mafuta ophikira oyeza. Zitini, mapepala ndi zitsulo nazonso zili ndi ozifuna. Zimenezi n'zothandiza, pakuti zimachepetsa uve m'mudzi ndiponso ena amapezerapo ndalama ya mchere. Koma pakagwa mliri, njira yomweyo imene botolo limayendamo ndiyo imene matenda angayendemo kuchoka m'nyumba mwanu kukafika pakamwa pa mwana wa mnzanu.

Phunziro lochokera ku Britain

Ku Britain makhonsolo ali ndi malo amene anthu amatulako zinthu zotha ntchito, monga mabotolo, makatoni, zitsulo ndi mipando yakale, kuti zikakonzedwenso kukhala zinthu zina. Mliri wa COVID-19 utakula m'mwezi wa Marichi 2020, malo ambiri otere adatsekedwa. Atayamba kutsegulidwanso m'mwezi wa Meyi, padaikidwa malamulo. M'madera ambiri munthu ankayamba wapempha tsiku ndi ola lopitira. Anthu ankatalikirana mamita 2, antchito sankathandiza kutsitsa katundu, ndipo aliyense wokhala ndi zizindikiro za matendawa sankayenera kupitako.

Lamulo lina lidali la m'nyumba momwe. Mapepala aminira wodwala ndi tinsalu topukutira ankaziika m'thumba, kulimanga, kuliloŵetsa m'thumba lachiŵiri, ndi kulisunga padera maola 72, ndiye kuti masiku atatu, asanalitaye. Zophimba pakamwa ndi pamphuno zogwiritsa ntchito kamodzi sizinkaloledwa kusakanizidwa ndi zinthu zokakonzanso.

Malamulo amenewo adatha, ndipo pa 5 Meyi 2023 bungwe la World Health Organization lidalengeza kuti COVID-19 salinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse. Tsopano tikudziŵanso kuti kachirombo kake kamafala kwambiri kudzera mu mpweya anthu akathithikana, kuposa kudzera m'zinthu zogwiragwira. Komabe nzeru yopatula zinyalala za wodwala njofunika kwa ife, makamaka chifukwa cha nthenda ina imene timaidziŵa bwino.

Kuno kwathu

COVID-19 adapezeka koyamba m'Malaŵi pa 2 Epulo 2020. Patapita zaka ziŵiri, m'mwezi wa Marichi 2022, kolera adabuka m'boma la Machinga, nafalikira dziko lonse, ndipo adapha anthu oposa 1,700. Tizirombo ta kolera timatuluka m'chimbudzi ndi m'masanzi a wodwala, ndipo timaloŵa mwa munthu wina kudzera m'madzi, m'zakudya ndi m'manja osasamba. Apa ndiye pamene zinyalala zimasanduka zoopsa zenizeni.

Ambiri a ife tilibe malo okonzedwa ngati a ku Britain aja. M'mizinda galimoto ya khonsolo imafika m'madera oŵerengeka, ndipo zimene yatenga imakazikhuthula kumtaya, monga ku Mzedi mu Blantyre kapena ku Area 38 mu Lilongwe. Kumeneko kuli anthu, ena mwa iwo ana, amene amafukula zinyalalazo ndi manja kufuna zogulitsa. Motero ntchito yopatula yatsalira inu, pakhomo panu, musanataye kanthu.

Zochokera kwa wodwala

Izi ndizo zofunika kuzisamala koposa. Tikunena mateŵera, nsanza zopukutira masanzi, mapepala aminira ndi zophimba pakamwa zakutha.

Amayi ambiri amakhulupirira kuti chimbudzi cha mwana wakhanda chilibe matenda popeza amangoyamwa. Zimenezo si zoona. Chimbudzi cha mwana chingapatsire matenda monga cha munthu wamkulu, ndipo mwana angathe kukhala ndi tizirombo ta kolera osaoneka wodwala. Tsono mukavula mwana theŵera, yambani mwakhuthulira chimbudzicho m'chimbudzi chokumba. Ngati ndi theŵera lansalu, lichapeni ndi sopo m'beseni lakelake, kutali ndi chitsime, mjigo kapena mtsinje. Madzi ochapirawo athireni m'chimbudzi, osati pabwalo pamene ana amakwaŵa. Kenaka liyanikeni padzuŵa mpaka liume gwa.

Mateŵera ogula otaya ndi ovuta kuposa apa. Saola msanga, ndipo akaponyedwa m'chimbudzi amachidzazitsa nthaŵi isanakwane. N'zomvetsa chisoni kuŵaona ali mbwee m'ngalande ndi pansi pa milatho, agalu akuŵang'amba, mvula ikuŵakokolera kumtsinje kumene ena amatunga madzi. Mayi wotaya theŵera usiku m'ngalande amaganiza kuti walichotsa pakhomo pake, chikhalirecho wangolitumiza kwa a kumunsi. Likulungeni, limangeni m'jumbo, ndipo mulikwirire m'dzenje lakuya, nthaŵi yomweyo n'kuthirapo dothi. Ngati zinyalala zanu zimatengedwa ndi galimoto, mangani majumbo aŵiri, lina mkati mwa linzake.

Chophimba pakamwa chakutha chiduleni zingwe musanachimange m'jumbo, kuti mwana asachitole n'kuchivala poseŵera.

Ngati m'nyumba muli wotsegula m'mimba kwambiri, pitani naye kuchipatala msanga, akumwa Thanzi ORS m'njira. Funsaninso alangizi a zaumoyo za klorini. Muyezo wothira m'madzi akumwa ndi wosiyana ndi wotsukira beseni kapena pansi pamene wodwala wasanzira, choncho musayeze mongoganizira.

Zoola ndi zogulitsa

Makoko a nthochi, masamba, madeya oonongeka ndi phulusa zipite kudzenje la manyowa, zidzakuthandizani kudimba. Muzithirapo dothi pang'ono kuti ntchentche ndi makoswe zisachuluke.

Mabotolo, zitini ndi zitsulo zisungeni m'thumba louma, pamalo pamene mvula sifika, pakuti chitini chokhala ndi madzi chimaswetsa udzudzu. Botolo limene wodwala wamwera litsukeni ndi sopo ndi madzi a klorini. Ngati sopo palibe, ndi bwino kuliboola ndi kulikwirira kusiyana ndi kulipereka kwa wina. Botolo limene mudasungiramo mankhwala a mbewu, palafini kapena mankhwala a makoswe lisagulitsidwe konse, ngakhale mutalitsuka motani.

Musatenthe mapulasitiki pafupi ndi nyumba, kapena kuyatsira moto wophikira ndi jumbo, monga ena amachitira nkhuni zikanyowa. Utsi wake umapweteka chifuwa, ndipo mwana amene ali kumsana ndiye amaupuma kwambiri.

Popita kokataya kapena kokagulitsa

Nthaŵi ya mliri musapiteko ngati mukutsokomola, mukumva kutentha thupi kapena mwatsegula m'mimba. Zitsulo siziola, zingadikire mpaka mutachira. Sankhani nthaŵi imene kulibe anthu ambiri, ndipo ngati boma lalamula kuvala zophimba pakamwa ndi kutalikirana, tsatirani. Mwana msiyeni kunyumba ndi munthu wamkulu. Musatume ana kudzala kapena kumtaya, pakuti mwana akaona kanthu konyezimira amatola, ndipo dzanja lake silichedwa kupita kukamwa.

Mukabwerako sambani m'manja ndi sopo pa madzi oyenderera, monga a pa mpondagiya, kwa masekondi 20, musanagwire mwana, bere kapena ziŵiya.

Dzenje la zinyalala, monganso chimbudzi, likhale pa mtunda wosachepera mamita 30 kuchokera pachitsime, ndiponso kumunsi kwake, osati kumtunda. Litchingeni ndi mpanda wa bango kapena minga kuti ana ndi ziŵeto zisagweremo. Likatsala pang'ono kudzaza, likwirireni ndi dothi lokwanira ndipo mukumbe lina mvula isanayambe.