Madzi otentha ali pafupi, mayi

Mayi athu ogulitsa kaunjika ku Msika wa Tsoka, kalata yanu yatipeza. Mukuti msana watha ndi mabelo, ndiye mukufuna mukaviike thupi tsiku limodzi m'madzi otentha ku Bela-Bela, kumpoto kwa Pretoria.

Koma mayi, ku Joni sapita tsiku limodzi. Basi yokha imakugonetsani panjira, osanena za pasipoti ndi marandi. Bwanji ku Mawira, ku Nkhotakota? Kwerani minibasi mbandakucha, kudzera ku Salima. Mukapeza madzi akutumphuka pansi, nthunzi ili tolo. Musakayembekezere wokusisitani msana ayi, ndipo chitenje munyamule chanu. Muyambe mwaviika chala musanalowe, pena amawotcha zedi.

Msanawo ukapitirira kuwawa, kaonaneni ndi adokotala.