Ola loyamba la khanda: ndani amachedwetsa bere?

Ambiri mwa ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tinkaganiza kuti nkhani yoyamwitsa ndi ya anzathu a unamwino aku Malamulo, osati yathu. Koma titaiona bwino, tapeza kuti ikukhudza aliyense amene tsiku lina adzakhale pakhomo la chipinda cha amayi ochira, atanyamula chitenje ndi fulasiki ya tiyi.

Bungwe la WHO ndi UNICEF amalangiza kuti mwana aikidwe kubere pasanathe ola limodzi chibadwire, ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, kenako apitirize kuyamwa kwinaku akudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Lipoti lawo la 2018 linanena kuti ana atatu mwa asanu alionse padziko lapansi sayamwa m'ola loyambalo. Kafukufuku wina wa ku Ghana, yemwe anasindikizidwa mu 2006, anasonyeza kuti imfa 22 mwa 100 zilizonse za ana osakwana mwezi zikanapeweka ana onse akanayamba kuyamwa m'ola loyamba. Kuno kwathu, kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amachedwa kuyamba.

Chifukwa chake ola limeneli n'lofunika n'chosavuta kumva. Mkaka woyamba uja, wachikasu ndi wokhathamira, uli ndi chitetezo chimene mayi amapatsira mwana kuti alimbane ndi matenda, ndipo umathandiza khanda kutulutsa chimbudzi chake choyamba chakuda chija. Mayi nayenso amapindula. Mwana akamayamwa, thupi limatulutsa oxytocin, amene amafinya chiberekero, magazi n'kuchepa kutayika.

Nanga chimachedwetsa n'chiyani? Choyamba chimene aliyense amatchula ndi opaleshoni. Mayi amene wang'ambidwa amakhala ndi ululu, satha kudzuka, ndipo kawirikawiri mwana amapita kwina pamene madokotala akumaliza kusoka. Komatu mayi wotero akangotsitsimuka atha kuyamwitsa ali chigonere, bola pakhale munthu womugwirira mwanayo. Ana obadwa masiku asanakwane nawo amavutika kukoka bere, ndiye amafunika kuwafinyira mkaka m'kapu. Palinso ntchito za m'chipatala momwemo: kuyeza mwana pasikelo, kumukulunga, kumuonetsa kwa abale. Zonsezi zingathe kudikira. Ngakhale kusambitsa, WHO imati kudikire maola 24. Chofunika msanga n'kumupukuta ndi kumugoneka pachifuwa cha mayi ake, khungu kukhudzana ndi khungu. Koma mzamba mmodzi akakhala ndi amayi angapo amene matenda ayamba nthawi imodzi, zimenezi zimaphonyeka, ndipo sitingamuloze chala.

Chimene chatigwira mtima kwambiri ndi mawu a anthu ozungulira mayiyo. Mtsikana wa mimba yoyamba sadziwa zambiri, choncho amamvera gadiyani wake, amene nthawi zambiri ndi mayi ake, apongozi kapena agogo. Gadiyaniyo akanena kuti mkaka wachikasuwo ndi woipa, aufinyire pansi, mtsikanayo sangatsutse. Akanena kuti mabere alibe kanthu, mwana apatsidwe kaye timadzi kapena mankhwala azitsamba, zimachitikadi. Agogowo sachita izi mwa nkhanza ayi. Amaona timadontho tochepa ndipo amaopa kuti mdzukulu wawo agona ndi njala. Chimene sanauzidwe n'chakuti mimba ya khanda la tsiku limodzi ndi yaing'ono kwambiri, moti timadonthoto timakwanira, ndiponso kuti mkaka wambiri umabwera pakapita masiku awiri kapena atatu, makamaka mwana akamayamwa pafupipafupi. Tsono taonani vuto lake: uphungu wakusikelo umaperekedwa kwa mayi wapakati, koma wolamula pa tsikulo ndi munthu amene kusikeloko sanapiteko.

Mantha a HIV nawo amachedwetsa ena. Kuyambira 2011 dziko lathu linayamba kupereka ma ARV kwa moyo wonse kwa amayi onse apakati ndi oyamwitsa amene ali ndi kachilomboka, ndipo malangizo ake ndi oti mayi amene akumwa mankhwala mwandondomeko ayamwitse ngati wina aliyense. Woopa uja ndi amene sanafotokozeredwe bwino.

Buku la Eksodo mutu 2 limatikumbutsa kuti Mose anabwerera kubere la mayi ake chifukwa cha mlongo wake, mtsikana chabe, amene anaima pafupi n'kulankhula pa nthawi yake. Atsikana amsinkhu umenewo, ndi anyamata omwe, ndi amene tikawapeze m'kalasi pa phunziro la Biology kapena Home Economics, ndiponso kwa ma Pathfinder Sabata masana. Sabata yokumbukira kuyamwitsa padziko lonse imakhala pa 1 mpaka 7 Ogasiti. Ikamayandikira, tingapemphe atsogoleri a amayi a Dorika kumipingo yathu kuti aitane mzamba adzalankhule, ndipo mipando yakutsogolo tidzasungire agogo.