Ndikusowa chojambula kuno ku Ngabu

FUNSO

Akonzi,

Ndine mtsikana wa zaka 22 ndipo ndikuphunzira zojambulajambula pasukulu ina ya ukachenjede. Chino n'chaka chomaliza, ndipo atiuza kuti aliyense akonze zithunzi 6 za mutu umodzi wodzisankhira yekha. Panopa ndili patchuthi kwathu ku Ngabu. Masabata atatu atha koma pepala likadali mbee. Ndisanabwere ndinajambula dzuwa likulowa panyanja ndi mayi wosenza mtsuko, aphunzitsi n'kundibwezera, amvekere zoterezi zinadzaza kale m'misika ya alendo. Usiku ndimachezera pafoni kuona zithunzi pa Pinterest ndi Instagram, koma ndikaona ntchito za anthu ena ndimangofooka. Kuno kulibe choti munthu n'kujambula: kutentha, fumbi, ng'ombe ndi thonje basi. Penti wanditheranso, ndipo ndalama yopitira ku Blantyre palibe. Mayi anga akuti ndikungokhala. Kodi anzathu maganizo amawatenga kuti? Kapena ineyo mphatsoyi ndilibe?

Wothedwa nzeru,
Ngabu, Chikwawa

YANKHO

Chemwali,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwalemba kuti kwanuko kulibe chojambula, kenaka pomwepo mwatchula zinthu zinayi: kutentha, fumbi, ng'ombe ndi thonje. Chilichonse mwa zinayizi chikhoza kukudyetsani ntchito chaka chathunthu. Zangokuzolowerani m'maso chifukwa munabadwira pakati pake.

Aphunzitsi anu sanakulakwireni. Nyanja ija mwaiona kangati ndi maso anu? Dzuwa la ku Ngabu sililowa m'madzi. Limakabisala kuseri kwa zitunda za kumalire a Mozambique, litafiira ndi fumbi komanso utsi wa lupsa. Chimene munajambula chija ndi chithunzi cha chithunzi cha munthu wina, ndipo diso la mphunzitsi silichedwa kuzindikira zotero. Foni ikukuchitani chimodzimodzi. Imakuonetsani ntchito zomalizidwa, zopukutidwa bwino, koma sikuonetsani mapepala ambirimbiri amene eni akewo anang'amba asanafike pamenepo. Ndiye mukuyerekeza tsiku lanu loyamba ndi tsiku lomaliza la mnzanu. Ikani foniyo pambali kwa masabata awiri.

Ndikanakhala inu ndikanatenga thonje, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

M'chaka cha 1859, David Livingstone akukwera mtsinje wa Shire anapeza Amang'anja a m'chigwa chanucho akulima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu m'midzi mwawo. Analemba za mitundu iwiri, thonje kaja lamakolo ndi thonje manga lochokera kunja. Nsalu yoombedwa pamanja ija inkatchedwa machila, ndipo inali chuma: ankasinthanitsa ndi katundu wina, monganso ankachitira ndi mchere ndi makasu. Nsalu za m'mafakitale a kunja zitachuluka, ntchito yoomba inazilala. Thonje linatsala, koma tsopano lolimira kugulitsa. M'nthawi ya atsamunda linkapita ku Britain, pambuyo pake linkagulidwa m'misika ya ADMARC, lero kuli makampani osiyanasiyana. Taganizirani: mbewu yomweyo imene makolo ankaisandutsa chovala ndi manja awo, lero mlimi amaiona komaliza ili pasikelo. Chitenje chimene mayi anu avala lero, ndani akudziwa kumene thonje lake linalimidwa? Nkhani ya zithunzi 6 ndi imeneyo, ndipo wa ku Karonga kapena ku Dedza sangaifotokoze ngati mwana wa ku Ngabu.

Koma musayambe ndi mbiri. Mbiri ibwera yokha m'mbuyo. Yambani ndi manja. Pezani agogo kapena azakhali amene akhala akulima thonje moyo wawo wonse, muwapemphe kuti mukhale nawo pakhonde. Yang'anani zala zimene zakhala zikubayidwa ndi makoko ouma a thonje. Yang'anani mmene amasankhira loyera kulisiyanitsa ndi lothimbirira, mmene msana umapindikira potola, mmene munthu amaimira akamadikira kuti wapasikelo atchule makilogalamu. Nkhope ya mlimi pa kamphindi kameneko sindinaionepo pachithunzi chilichonse chogulitsidwa m'misewu ya m'tauni. Afunseninso. Kodi anamvapo za machila kwa makolo awo? Chaka chimene mbozi zinawononga kwambiri anachita chiyani? Ndalama ya thonje yoyamba anagulira chiyani? Mayankho awo muwalembe m'mphepete mwa pepala momwe akuyankhulira, kaya m'Chisena kaya m'Chimang'anja, osawakonza.

Ine ndili mnyamata ndinakhalapo mwezi wathunthu ndikudikira kuti ganizo lalikulu linditsikire ngati mvula. Silinabwere. Tsiku lina, chifukwa chosowa chochita, ndinakhala pansi pa mtengo n'kuyamba kujambula ng'ombe ziwiri zomangidwa pangolo. Zoyamba zinatuluka ngati mbuzi. Pofika tsiku lachinayi ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo ngakhale ndinakulira pafupi ndi khola: pakhosi pamene goli limakhala, ubweya unali utatha, khungu litachita chikanga. Ntchito yanga yonse ya chaka chimenecho inachokera pa chikanga chimenecho. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kwa wojambula mawu amenewa ndi malangizo enieni a ntchito. Ganizo limabwera dzanja likuyenda.

Choncho gulani kope wamba la kusukulu ndi pensulo. Muzidzuka m'mamawa dzuwa lisanakwiye, chifukwa kutentha kwa kwanuko, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, sikulola munthu kuganiza masana. Tsiku lililonse dzazani masamba atatu. Musafufute, musang'ambe, ndipo musaonetse munthu. Zambiri zidzakhala zoipa, ndipo ziyenera kutero. Pakatha masiku khumi, yalani kopelo n'kuona chimene dzanja lanu lakhala likubwererako lokha. Mwina mudzapeza kuti si thonje ayi, koma mithunzi ya anthu obisala dzuwa pansi pa mlambe, kapena akabaza a pamsewu wa M1 atanyamula matumba. Ngati ndi choncho, tsatani chimenecho, ganizo langa lija mulisiye.

Za penti musadandaule kwambiri. Mukuponda penti tsiku ndi tsiku. Dothi lakuda la makande, lomwe limang'ambika ming'alu m'chilimwe n'kumakanirira kumapazi m'dzinja, ndi lomwe limabereka thonje la kwanuko. Liumitseni, mulipere, mulisefe pa kansalu, kenaka musakanize ndi madzi ndi guluu woyera wa akalipentala pang'ono kuti ligwire. Njerwa yootcha mukaipera ikupatsani kufiira, makala kuda, phulusa kutuwa. Amayi amene amazira nyumba ndi kukongoletsa zipupa amadziwa kale kumene kuli dothi la mtundu uliwonse, ndiye afunseni akulozereni. Yesani kaye pa katoni kapena pa chiguduli kuti muone ngati likusweka likauma, chifukwa makande amakonda kung'aluka. Komatu mwina kung'alukako ndi kumene chithunzi chanu chikufuna. Thonje lenilenilo mukhoza kulimata pachithunzi. Chithunzi cha mlimi wa thonje chopangidwa ndi dothi la m'munda mwake momwemo chili ndi mphamvu imene penti wa m'sitolo sangakupatseni.

Simukhala woyamba kuyamba ndi zomwe zilipo. Edward Saidi Tingatinga anayamba kujambula ku Dar es Salaam cha m'ma 1968 ndi penti wa njinga pa timatabwa ta siling'i. Anamwalira mu 1972, patangotha zaka zochepa, koma kajambulidwe kake kakudziwikabe ndi dzina lake mpaka lero. Ndipo taonani Mmalawi mnzathu Samson Kambalu, amene anaphunzira ku Chancellor College ku Zomba. Chosema chake chotchedwa Antelope chinaimikidwa pa Trafalgar Square mumzinda wa London mu Seputembala 2022. Chinachokera pa chithunzi chimodzi chakale cha 1914, pomwe John Chilembwe waima ndi mmishonale John Chorley. Anthu ambiri anachionapo chithunzicho. Kambalu anayang'anitsitsa chipewa chimene chili kumutu kwa Chilembwe, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Pachosemacho anamukulitsa Chilembwe kuposa mnzakeyo. Ntchito yonse ija inatsamira pa chipewa.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikuchenjezeni, chifukwa ndikudziwa kuti anzanu kusukulu adzakuuzani kuti munthu wa ku Chigwa cha Shire ajambule madzi osefukira. N'zoona kuti chigwacho chaona zambiri: madzi a mu Januwale 2015, anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Ngati nkhani imeneyi ikukuwawani mumtima, ijambuleni. Koma musaitenge chifukwa choti ndi imene anthu akunja amaidziwa, ndipo musasandutse misozi ya mnansi wanu chokongoletsera khoma. Mzere umene madzi anasiya pachipupa cha nyumba umanena zambiri kuposa nkhope yolira. Munthu aliyense amene mukufuna kumujambula mumupemphe kaye, ndipo mukamaliza mukamuonetse.

Chachiwiri ndi zinthu za mizimu. Mwina mtima udzakukokerani kwa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kapena ku gule wamkulu. Zimenezi zili ndi eni ake ndi malamulo ake. Simungangofika ndi kope ngati mukupita kumsika. Pitani kudzera kwa akuluakulu, ndipo akakuuzani kuti ichi sichijambulidwa, chisiyeni. Zapoyera zilipo zambiri: amayi ovina utse, woimba valimba, woluka mkeka wa mlaza, asodzi a m'mabwato ku Elephant Marsh.

Za mayi anu, musawakwiyire. Munthu amene wakhala akugwira khasu kuyambira ali mwana, akaona mwana wamkulu atakhala phee akuyang'ana foni, palibe dzina lina limene angaitche ntchito imeneyo. Apempheni kuti akhale oyamba kujambulidwa. Jambulani manja awo akusankha thonje kapena akupeta mapira, kenaka muwaonetse. Akakuuzani kuti chala ichi sichikhala chonchi, mverani, chifukwa manjawo ndi awo ndipo akuwadziwa kuposa inu.

Mwafunsa ngati mphatso muli nayo. Sindinaone ntchito yanu, koma munthu wopanda nazo chidwi sasowa tulo chifukwa cha pepala loyera. Mawa m'mamawa tengani kope mupite pakhonde la agogo aja. Mukadzaza masamba 30, mutilemberenso kuno, mutiuze chimene mwachipeza.

Akonzi